ULENDO WA KU MINDA YA PA CHISUMBU CHA ZANZIBAR

Mau amene ananena mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi pa msonkhano wa Jubili ya Mishoni yathu



Akulu a mpingo anatipempha kuti pa tsiku lalikulu ili tinene za ulendo umene tinayenda ku chisumbu cha Zanzibar. Ife sindife anthu ophunzira kwambiri. Nzeru pang'ono zimene tili nazo tinazitola pa sukulu ya pano pomwe, ndipo nchito yathu ndiyo kuphunzitsa ana a kumudzi kuwerenga ndi kulemba. Chifukwa chake musayembekeze mau akuya ai. Tidzanena zimene tinaona ndi maso athu, ndi zimene tinamva ndi makutu athu, ndi zina zimene zidziwika m'mbiri ya Mpingo wathu.

Kuyambira ubwana wathu dzina ili la Zanzibar tinali kulimva pawiri. Kusukulu anatiuza kuti aphunzitsi oyamba a kuno kunyanja anachokera kumeneko. Kunyumba, usiku, agogo athu anatiuza kuti abale ao ena anagwidwa, naoloka nyanja yathu m'zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota, ndipo sanaonekenso. Ndipo pofunsa ife kuti anapita kuti, anayankha kuti ku Zanzibar. Tsono poyandikira Jubili iyi tinapangana anthu anai, aphunzitsi awiri, katekisiti mmodzi wodziwa Chiswahili, ndi mai mmodzi wa mumpingo, kuti tikaone dziko limene linalandira abale athu ndi kutitumizira aphunzitsi athu.

Za njira

Tinanyamuka m'mwezi wa August pa basi, ndi kudzera ku Karonga, ndi kuoloka malire pa mtsinje wa Songwe, ndi kupitirira pa Mbeya kufikira mzinda wa Dar es Salaam. Matupi anawawa ndi kukhala, ndipo wina wa ife anayamba kudandaula. Koma katekisiti anatikumbutsa kuti iwo amene tinali kuwatsata anayenda pansi miyezi yathunthu, goli lili pakhosi, kuchokera kutsidya kwa nyanja yathu kufikira ku Kilwa, ndi kuti ofoka anasiyidwa panjira. Pamenepo kudandaula kunatha.

Ku Dar es Salaam tinakwera sitima ya pamadzi, ndipo patapita maora ngati awiri pa nyanja ya mchere tinafika. Dzina la Zanzibar liphatikiza zisumbu ziwiri zazikulu, Unguja ndi Pemba. Ife tinafika pa Unguja, chimene m'litali mwake chili makilomita ngati 85. Likoma ndi Chizumulu zingalowemo kambirimbiri.

Mumzinda tinakhala tsiku limodzi lokha. Tinapemphera m'chalichi chachikulu cha Christ Church, chimene chinamangidwa pa malo a msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa m'chaka cha 1873, pamene Sultani Barghash anavomera pangano limene John Kirk, kazembe wa Angelezi, anamuumiriza. Ndipo pa Krisimasi ya chaka chomwecho mwala woyamba wa chalichi unaikidwa. Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira nchito yomanga, anamwalira mu 1882, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Tinaonanso mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone.

Potuluka tinacheza ndi mkristu wina wa kumeneko, ndipo atamva chimene tinadzera anati, "Ngati mufuna kuona kumene abale anu anapita, musakhalitse mumzinda muno. Pamsika pano anangokhalapo masiku owerengeka. Zaka zao zonse zinathera kuminda, ndipo manda ao ali komweko." Mau amenewo ndiwo anatitsogolera.

Za minda

M'mawa mwake tinakwera galimoto la anthu wamba, limene iwo alitcha daladala, ndi kulowera kumtunda, ku zitunda za Kidichi ndi Kizimbani. Ulendo wake sufika ora limodzi. Ku dera limenelo alendo ochokera ku maiko akutali afika tsiku ndi tsiku kudzaona mitengo ya zokometsera chakudya. Koma ife tinapitirira malo a alendowo, ndi kuyenda pansi m'kanjira ka dothi lofiira kufikira mudzi wa alimi, kumene mkristu uja anali ndi bwenzi lake.

Chinthu choyamba chimene tinazindikira ndicho kukhala chete kwa malowo. Phokoso la mumzinda linatsalira m'mbuyo. Tinali kumva mphepo m'masamba, nkhuku, ngolo ya ng'ombe ili kulira mawilo, ndi mau a woitana anthu ku mapemphero pa mzikiti waung'ono, pakuti anthu a pa chisumbucho pafupifupi onse ndi Asilamu. Nyumba zao sizikhala pamodzi pa bwalo loyera monga midzi ya kwathu, koma zibisala m'mitengo, ina apa, ina apo. Zina zofolera malata, zina zofolera masamba a kokonati olukidwa bwino, amene iwo ati makuti.

Munda wa kumeneko si wofanana ndi wathu. Ife tikakolola chimanga munda utsala mbee, ndipo dzuwa liwamba nthaka kufikira mvula. Koma kumeneko munda uli ngati nyumba yosanja. Pamwamba penipeni pali kokonati. Pansi pa kokonati pali mitengo ya karafuu, ya mango, ndi mitengo iwiri ya zipatso zazikulu: fenesi, chimene chibala pa thunthu ndipo chikula kuposa dzungu, ndi shelisheli, chimene achiphika nachidya ngati mbatata. Pansi pa imeneyo pali nthochi, ndipo pansi pa nthochi pali chinangwa, zilazi ndi mbatata. M'madambo alima mpunga. Tsabola wakuda ndi chingwe choyanga pa mitengo ina. Mtengo wa mdalasini auyala khungwa, ndipo khungwalo ndilo lonunkhira. Palibe mwezi umene mlimi alowa m'munda wotere natuluka manja lende.

Chimene chithandiza ndi mvula, pakuti igwa kawiri pa chaka. Yaikulu, imene ati masika, igwa kuyambira March kufikira May; yaing'ono, imene ati vuli, igwa cha mu October kufikira December. Koma si chisumbu chonse chili chotero ai. Nthaka yakuya ili kumadzulo kokha, kumene tinali ife. Kum'mawa nthaka ili yochepa pamwamba pa thanthwe la miyala ya m'nyanja, ndipo alimi a kumeneko abzala m'timaenje ta pakati pa miyala. Chifukwa chake anthu amphamvu a kale anasankha kumadzulo, ndipo kumeneko ndiko anasonkhanitsa akapolo.

Pofika pakhomo katekisiti anati, "Hodi!" ndipo m'nyumba anayankha, "Karibu!" Tinasekerera pakumva kuti "Odi" wathu ali ndi mbale wake kutsidya la nyanja ya mchere. Mwini nyumba anali nkhalamba ya imvi mbuu, ya zaka ngati 80, yovala mkanjo ndi kofia. Anatiyalira mkeka, ndipo apongozi ake aakazi anatiphikira. Mau ambiri tinali kuwamva popanda womasulira: nyumba, moto, ng'ombe, kulima, kulala pang'ono kusiyana ndi kugona kwathu. Koma mau amodzi anatisokoneza. Mai wa pakhomopo anatuma mwana kuti akatenge mbuzi, ndipo ife tinayamba kukana mwaulemu kuti asatiphere chiweto. Mwanayo anabwera ndi kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kwake, kokandira kokonati. Pakuti kampandoko nakonso dzina lake ndi mbuzi. Anthu anaseka kufikira misozi, ndipo kuyambira pomwepo tinaleka kukhala alendo. Tinadya mpunga ndi chigwada chotendera madzi a kokonati, monga amai athu atendera nsinjiro.

Za karafuu

Tinafika pa nyengo yothyola karafuu, ndipo tinakhala m'mudzimo masiku atatu ndi kuona nchito yonse. Tiyenera kuifotokoza bwino, pakuti mtengo umenewu ndiwo unameza abale athu.

Mtengo wa karafuu utalika mamita 10 kapena kuposa. Nthambi zake ziloza kumwamba, masamba ake ndi onyezimira, ndipo sayoyoka chaka chonse. Chimene anthu afuna pa mtengowo si chipatso ai, koma timaluwa take tisanamasule. Timera m'timagulu kunsonga za nthambi. Poyamba tili tobiriwira, ndipo tikayamba kufiira ndiyo nthawi yothyola. Akachedwa masiku pang'ono timamasula, ndipo mtengo wake pamsika ugwa. Chifukwa chake nyengo ikafika mudzi wonse uthamanga. Amuna ndi anyamata akwera pamwamba ndi zingwe ndi timatumba, nakoka nthambi ndi ndodo zokowera. Akazi ndi ana athyola za m'munsi. Nchitoyi ndi yoopsa, pakuti nthambi zake sizilimba, ndipo anationetsa munthu wina wotsimphina amene anagwa ali mnyamata.

Mphunzitsi mnzathu anafuna kuthandiza, nakoka nthambi ndi mphamvu monga tikoka nthambi ya mango, ndipo inathyoka. Nkhalamba ija sinakalipe, koma inatola nthambiyo, niyiyang'ana nthawi, ninena kuti pamalo pamenepo sipadzabalanso msanga. Mnzathu anachita manyazi ndithu, ndipo tsiku lonselo anangonyamula madengu.

Madzulo banja lonse likhala pa mkeka ndi kupulula timaluwato ku timitengo take, pokhuza kagulu pa chikhatho. M'mawa ayanika pa mikeka padzuwa masiku anai kapena asanu, natembenuza kawirikawiri, kufikira karafuu ada ndi kuuma, naoneka ngati timisomali. Makilogalamu 3 a karafuu wamuwisi atsala ngati kilogalamu 1 akauma. Fungo lake lidzaza mudzi wonse, lilowa m'zovala ndi m'tsitsi. Anthu athira karafuu mu tiyi ndi mu mpunga, ndipo mafuta ake aletsa kuwawa kwa dzino. Alimiwo anatiuza kuti agulitsa ku kampani ya boma, ndi kuti mitengo yao yambiri yakalamba. Kale zisumbu izi ndizo zinali kudyetsa dziko lonse lapansi karafuu, koma lero dziko la Indonesia ndilo lilima wochuluka koposa, ndipo wambiri athira mu fodya.

Mtengowu si wa ku Afrika kuno. Kwao ndi ku zisumbu za Maluku, kutali kum'mawa. Unafika ku Zanzibar kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Seyyid Said, mfumu ya Aluya a ku Oman, amene anasamutsira likulu lake ku Zanzibar mu 1840, anaona kuti muli chuma m'mtengowu, nabzalitsa minda yaikulu, ndipo umodzi wa mindayo unali ku Kizimbani komweko. Ku Kidichi ikalipobe nyumba yosambiramo imene anamangira mkazi wake mu 1850. Koma mtengo umene ufuna manja ambiri pa nthawi imodzi ufuna anthu ambiri. Ndipo anthuwo anawatenga kumtunda kuno, mwa Ayao, mwa Anyanja ndi mwa mitundu ina. Kapolo wa kumunda anagwirira mbuye wake masiku asanu pa sabata, ndipo Lachinai ndi Lachisanu analima kamunda ka chakudya chake. Mu April 1872 namondwe woopsa anagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja, nasiya ya ku Pemba. Ndipo kuyambira pamenepo Pemba ndiye apambana pa karafuu.

Taganizani ichi, abale. Mtengo wa karafuu uyamba kubala utatha zaka 6 kapena 7, ndipo ubala kufikira nthawi ya adzukulu a iye amene anaubzala. Munthu wogwidwa kuno kwathu anakumba dzenje, nathirira, napalira zaka zonsezo, ndipo pa zipatso zake sanalandire kanthu, ngakhale dzina lake silinalembedwe pena paliponse.

Za manda a pansi pa mango

Usiku wachiwiri nkhalamba ija inatifunsa bwino za kwathu. Titanena kuti tichokera ku nyanja ya Nyasa, inakhala chete, ndipo pambuyo pake inati, "Tsono ndinu abale anga. Agogo anga aakazi, amai wao wa atate anga, anali Mnyasa."

Inatiuza kuti inawaona agogowo pamene iyo inali mwana. Anagwidwa ali kamtsikana, pa nthawi imene msika unali utatsekedwa kale, ndipo anafika pa chisumbu usiku mobisika. Dzina la mudzi wao analiiwala, dzina la mfumu yao analiiwala, ndipo dzina limene amai wao anawatcha sanaliuze munthu. Koma zinthu ziwiri sanaziiwale. Ananena kuti kwao kunali nyanja yaikulu imene madzi ake munthu akhoza kumwa. Ndipo chakudya chimene anthu a kumeneko ati ugali, iwo kufikira imfa yao anachitcha nsima. Nkhalambayo inatchula mau amenewa mwa Chiswahili chake, niyang'ana kwa ife ngati kufunsa kuti alipodi mau otere. Tinayankha kuti alipo, ndi kuti tidya nsima tsiku lililonse. Pamenepo mai amene tinali naye anaphimba nkhope ndi chitenje chake, nalira.

M'mawa inatitsogolera kuseri kwa munda wa chinangwa, pansi pa mtengo waukulu wa mango, nitionetsa miyala iwiri yopanda malemba. Tinapempha chilolezo kuti tipemphere, ndipo inavomera. Ife tinapemphera monga mwa chikhulupiriro chathu, iyo inatambasula manja nipemphera monga mwa chikhulupiriro chake, ndipo panalibe wotsutsa mnzake. Sitidziwa ngati mai wogona pamenepo anali wa mudzi uno, kapena wa kutsidya, kapena wa kumapiri. Koma anali wa mudzi wina wake, ndipo m'mudzimo munali mai amene anamuyembekeza kufikira imfa.

Tinafunsa kuti nanga ufulu utafika agogowo anabwereranji osabwerera kwao. Nkhalamba inayankha ndi funso, niti, "Akadadzera njira iti, ndipo akadadya chiyani?" Pamenepo tinamvetsa mbiri imene tinali kuiwerenga osaizindikira. Lamulo lothetsa ukapolo pa zisumbuzo linatuluka mu 1897, koma kapolo anayenera kupita yekha ku bwalo la milandu kukapempha ufulu wake. Mbuye wake analandira ndalama za chipepeso. Kapolo sanalandire kanthu, ngakhale munda. Chotero ambiri anakhalabe pansi pa mitengo yomweyo, nalima chinangwa pa nthaka ya mwini, nathyola karafuu wa mwini. Mu January 1964 kunabuka nkhondo youkira Sultani, ndipo anthu ambiri anaphedwa, ena osachimwa konse. Ndipo pambuyo pake boma latsopano linagawira mabanja osauka minda ya maekala 3. Nkhalamba yathu inati munda umene tinali kuimamo ndi umodzi wa imeneyo. Werengani nokha: kuchokera 1897 kufikira 1964 ndi zaka 67. Agogo aja anafa mfulu, koma sanaone munda wao.

Tsiku lotsiriza tinatsikira ku gombe la Mangapwani, kumpoto kwa mzinda, ndi kuona chipinda chokumbidwa m'thanthwe pansi pa nthaka, chimene anthu anena kuti anali kubisamo akapolo msika utatsekedwa. Tinalowamo, koma sitinathe kukhalitsamo.

Za aphunzitsi athu

Tsono mungafunse kuti nanga mbiri yokoma ija ili kuti. Ili m'minda yomweyo. Mudziwa kuti Bishopu Charles Mackenzie anayamba nchito ku Magomero mu 1861, namwalira pa 31 January 1862, ndi kuti Bishopu William Tozer anasamutsira Mishoni ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko Sultani Majid anampatsa anyamata asanu olanditsidwa m'chombo cha akapolo, ndipo mmodzi wa iwo, John Swedi, anadzakhala dikoni mu 1879. Sukulu ya anyamata inakhazikika ku Kiungani. Ku Mbweni, kum'mwera kwa mzinda, Mishoni inagula munda, ndipo mu 1874 munakhala mudzi wa akapolo omasulidwa, banja lililonse ndi nyumba yake ndi polima pake. Tinafikako pobwerera, ndi kupemphera m'chalichi cha St John, chomangidwa mu 1882.

Mu 1876 Bishopu Steere anatenga anthu 55 a ku Mbweni kuti awabwezere kufupi ndi kwao kunyanja kuno. Anayenda kufikira ku Masasi, ndipo poona nthaka yabwino ndi chakudya anthuwo anati akhale pomwepo. Ndimo mmene inayambira Mishoni ya Masasi. Iwo sanafike kwao. Koma ena anafika m'malo mwao. Augustine Ambali, amene iye mwini analanditsidwa mu ukapolo naphunzira ku Kiungani, anabwera kunyanja pamodzi ndi William Percival Johnson, natumikira zaka zambiri ku Msumba. Mishoni ya ku Likoma inayamba mu 1885. Pambuyo pake ana a kuno nawonso anapita ku Kiungani ndi miyendo yao, opanda goli. Ndipo mmodzi wa iwo ndiye Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, namwalira pa nchito ya Ambuye ku Msoro mu 1913. Chotero njira imene inatulutsa anthu athu omangidwa ndiyo inatibwezera anthu onyamula buku. Sitinena kuti chokomacho chinafafaniza choipacho ai. Koma tinena kuti Mulungu sanaisiye njirayo m'manja mwa oipa okha.

Za tanthauzo la Jubili

Tsono tibwere kwathu. Lero tavala bwino, taimba, ndipo ng'ombe yaphedwa. Zonsezi nzabwino. Koma mau awa akuti Jubili sanayambe ndi phwando. Akatekisiti adziwa kuti m'buku la Levitiko, mutu 25, ana a Israyeli analamulidwa kuwerenga zaka 7 kasanu ndi kawiri, ndiko kuti zaka 49, ndi kuliza lipenga pa chaka cha 50. Pa chaka chimenecho Mwisrayeli amene anadzigulitsa chifukwa cha umphawi anamasulidwa, ndipo munda umene unagulitsidwa chifukwa cha njala unabwerera kwa eni ake, pakuti nthaka ndi ya Mulungu. Zinthu ziwirizi, munthu ndi munda, lamulolo silinazilekanitse. Ife tinaliwerenga kawirikawiri, koma tinalimvetsa pamene tinaima pa miyala iwiri ija.

Kuno kwathu kulibe goli tsopano, ndipo tiyamika Mulungu. Koma tidzifunse popanda kubisa. Kodi mulibe pakati pathu amene asunga munda wa mnzake pa chikole cha ngongole ya nthawi ya njala, ngongole imene zokolola za m'mundamo zinaibweza kale? Kodi mulibe amene akongoza thumba limodzi mu January nafuna awiri mu May? Kodi mulibe amene alemba mnzake ganyu, nam'gwiritsa kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka, nam'patsa mbale ya gaga, pamene munda wa waganyuyo uli kumera tchire? Kodi mulibe mwana wamasiye amene aweta ng'ombe zathu pa nthawi imene ana athu ali m'kalasi? Ife aphunzitsi tidziwa mipando imene ikhala yopanda anthu, ndipo tidziwa chifukwa chake. Akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nafenso amene tinena pano sitili oyera m'manja. Titabwerako tinayamba takonza za pakhomo pathu, ndipo sizinali zapafupi.

Chifukwa chake tipempha zinthu ziwiri. Choyamba, munthu aliyense amene asunga munda, kapena khasu, kapena mwana wa mnzake chifukwa cha ngongole, akaonane ndi akulu a mpingo mvula isanagwe, kuti mwini akadzale m'munda mwake chaka chino. Chachiwiri, akatekisiti ndi aphunzitsi, mmodzimmodzi m'mudzi mwake, akhale pansi ndi nkhalamba zimene zatsala, nafunse maina a iwo amene anatengedwa, ngati akumbukika, ndi mfunda wao, ndi mudzi wao, nalembe m'buku. Ndipo bukulo lisungidwe pano pa Mishoni pamodzi ndi buku la ubatizo. Mau a akulu akoma akagonera, koma akulu eni ake sagonera nthawi zonse. Tikachedwa, mainawo adzalowa nawo m'manda.

Potsazikana nafe nkhalamba ija inatapa karafuu wouma ndi manja awiri, niika m'kansalu, niti tipite naye kwao kwa agogo ake. Tinalonjeza kuti tidzatero, ndipo lero takwaniritsa. Karafuuyo ali m'mbale iyi patebulo pano. Mapemphero akatha, bwerani mmodzimmodzi, ana poyamba, mudzatenge kamodzi ndi kununkhiza, ndipo makolo akauze ana ao madzulo ano za manja amene anabzala mitengo yake.

Ambuye amene anatulutsa anthu ake m'nyumba ya ukapolo asunge Mishoni yathu, asunge nkhalamba ija ndi a pabanja pake, napatse mpumulo onse amene agona m'minda ya kutali opanda dzina pa manda ao.